Kodi a Jim McGuinness anachita chiyani kuti anthu a ku Donegal aziwakondabe chonchi atagonja?

Namaseko_LK
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Letterkenny, ndipo sabata yonseyi anzanga akuntchito nkhope zagwa. Lamulungu pa 27 July 2025 Donegal inagonja kwa Kerry mu ndime yotsiriza ya mpira wa Gaelic ya dziko lonse la Ireland, pabwalo la Croke Park ku Dublin, akuti 1-26 kwa 0-19. Ine ndinkayembekezera kumva anthu akunyoza mphunzitsi wa timuyi, Jim McGuinness, koma ayi ndithu. Mbendera zobiriwira ndi zachikasu zikadali m'makomo, ndipo agogo ena amene ndimawasamalira akangomva dzina la Jim McGuinness maso amawala. Munthu ameneyu anawachitira chiyani? Komanso manambalawa amawerenga bwanji? Ndikufuna ndizitha kucheza nawo agogowa, chifukwa nkhani yawo ndi yomweyi basi.

Mbewe_wa_ku_Cork
Achemwali, tiyambe ndi manambala. Yoyamba ndi zigoli, yachiwiri ndi mapointi. Mpira ukalowa mu ukonde ndi chigoli, ndipo chimawerengedwa mapointi 3. Ukadutsa pamwamba pa chitsulo chopingasa, pakati pa mapolo ataliatali aja, ndi pointi imodzi, kapena mapointi 2 ngati waumenya uli kutali. Ndiye Kerry inapeza 29, Donegal 19. Timu imakhala ndi osewera 15, amasewera mphindi 70. Mpira amagwira ndi manja, koma sungayende nawo masitepe oposa 4 usanaunjanjitse pansi kapena kuugunda paphazi nkuuwakhanso.

Nomad_D15
Anachita chiyani? Anaononga mpira, basi. Funsani aliyense amene anaonera masewero a Dublin ndi Donegal mu 2011, ndime ya matimu anayi. Anabweza pafupifupi timu yonse kumbuyo, kutsogolo kunangotsala munthu mmodzi kapena awiri. Masewero onse anatha 0-8 kwa 0-6. Anthu analipira ndalama zawo nkudzaza Croke Park kuti adzaone mapointi 14 okha pa mphindi 70, mpaka ochemerera anayamba kukuwiza. Matimu ena onse anatengera zomwezo ndipo kwa zaka zoposa 10 mpira wa Gaelic unali wotopetsa kuonera.

BamboATiya
A Nomad, mwayambira pakati pa nkhani. Mayi Namaseko afunsa chifukwa chimene anthu amawakondera, ndiye tiwayankhe bwinobwino.

Mayi, choyamba mumvetse kuti mpira uwu sagula osewera. Bungwe la GAA, lomwe linayamba mu 1884, limayendetsa masewerowa mosalipira osewera. Mnyamata amasewerera kalabu ya kwawo, akachita bwino amamutenga kutimu ya boma lake. Mawa lake amadzuka nkupita kukaphunzitsa kusukulu kapena kukagwira ntchito kubanki ngati wina aliyense. Ndiye boma likakhala ndi anthu ochepa, mphunzitsi amaphika ndi zomwe zili m'nkhokwe.

Tsono taonani Donegal mmene ilili. Ili kumapeto kwenikweni kumpoto chakumadzulo, kulibe ngakhale sitima yapamtunda, achinyamata ambiri amathawira ku Dublin, Glasgow kapena Australia kukafuna ntchito. Chikho chachikulu cha Sam Maguire anali atachitenga kamodzi kokha, mu 1992, pamene timu ya mphunzitsi Brian McEniff inagonjetsa Dublin 0-18 kwa 0-14. Kuchokera pamenepo, zaka 19 osatenganso ngakhale chikho cha chigawo cha Ulster. Anthu ankati ndi timu ya anyamata aluso koma okonda chisangalalo. Mu 2010 Armagh inawakwapula ku Crossmaglen 2-14 kwa 0-11, ndipo anali asanapambane masewero a mpikisano wa Ulster chichokereni 2007.

Apa mpamene a McGuinness anapatsidwa timu, mu July 2010, atakanidwapo kale ntchito yomweyo. Chaka chotsatira anatenga Ulster, kugonjetsa Derry mu ndime yotsiriza. Mu 2012 anatenganso Ulster, nkuchotsa Kerry, nkuchotsa Cork, ndipo pa 23 September anagonjetsa Mayo 2-11 kwa 0-13. Osewera ambiri anali omwe aja amene anachita manyazi ku Crossmaglen. Zaka ziwiri zokha! Ine ndinali ku Donegal Town usiku umene chikho chinafika, mvula ikugwa, anthu ali thithithi pa Diamond, bwalo la pakati pa tauni, nkhalamba zikulira osabisa misozi. Agogo anuwo akukumbukira zimenezo.

Namaseko_LK
Zikomo kwambiri bambo. Ndayamba kumvetsa. A McGuinness eni ake anaseweraponso?

Nomad_D15
Mu 1992 anali pa benchi. Mendulo anailandira atakhala pansi.

Nasibeko_Sligo
Achimwene, mawu amenewo ngolasa. Anali ndi zaka 19 zokha. Anabadwa mu November 1972 ku Glenties, ndiye kulowa m'gulu limene linatenga chikho pa msinkhu umenewo si chinthu chochepa. Pambuyo pake anasewerera Donegal pakati pa bwalo mpaka 2003, ndipo anavalapo yunifolomu ya Ireland pa masewero aja osakaniza malamulo amene amasewera ndi Australia. Zoona, pa zaka zonsezo sanatengenso Ulster ngati wosewera. Ine ndimaona kuti njala yawo inachokera pamenepo: anadzionera okha mmene timu yaluso imatayira zaka zake.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha sukulu. Anabwerera kusukulu atakula kale, anakaphunzira ku Tralee, kenako ku Jordanstown, ndipo anatenga chikho cha masukulu aukachenjede cha Sigerson katatu, 1998 ndi 1999 ku Tralee, 2001 ku Jordanstown. Anadzamaliza ndi digiri yachiwiri ku Liverpool John Moores, ya kaganizidwe ka anthu pamasewero. Enafe pano tinabwerera m'kalasi tili ndi ana kale, timadziwa kulemera kwake.

Komanso banja lawo linaona zowawa. Anataya abale awo awiri, wina ali mnyamata chifukwa cha vuto la mtima, wina pangozi ya galimoto mu 1998. Iwo eni amayankhula za zimenezi poyera. Anthu a ku Donegal amazidziwa, nchifukwa chake amawaona ngati mwana wa pakhomo.

Mbewe_wa_ku_Cork
Onjezaninso za kalabu. Naomh Conaill ya ku Glenties inali isanatengepo chikho cha boma la Donegal mpaka 2005, ndipo chaka chimenecho iwo ankasewera uku akuphunzitsa. Njira yotchinga mwaunyinji ija anaiyesera kumeneko. Mu 2010 anatenga timu ya achinyamata osapitirira zaka 21 nkufika nayo mu ndime yotsiriza ya dziko lonse. Anagonja kwa Dublin 1-10 kwa 1-8, penate ya Michael Murphy itamenya chitsulo kumapeto. Mphunzitsi wa Dublin tsiku limenelo anali Jim Gavin. Musaliiwale dzinali, libweranso.

MwanaWaMulanje
Pepani kukudulani. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 akuvuta kuti akufuna kuyamba mpira womwewu chifukwa anzake onse a m'kalasi amapita. Kodi n'zodula? Nanga sapwetekana? Bambo ake akukana, akuti aziwerenga.

Nasibeko_Sligo
Mutumizeni, mayi. Kwa ife ndalama ya pachaka ndi yochepa poyerekeza ndi kusambira kapena kuvina. Gulani nsapato za mpira, choteteza mano chifukwa salola kusewera popanda chimenecho, ndi magolovesi poti kuno mpira umakhala wonyowa. Ana aang'ono saloledwa kugundana mwamphamvu. Kwa ine phindu lalikulu linali lakuti ndinadziwana ndi makolo anzanga. Anthu amene tinkangodutsana pageti pasukulu anayamba kundipatsa moni ndi dzina.

Kapiri_Athlone
Si konse kumene kuli kotero. Mnyamata wanga anapita kukalabu ina kwa miyezi ingapo, ankamuika kunja nthawi zonse pamene ana a anthu a m'komiti ankalowa. Tsiku lina mwana wa timu ina anamunena za khungu lake, akuluakulu anangoti ndi zachibwana. Anasiya, pano akusewera basketball. Ndikamva kuti GAA ndi banja limodzi ndimafunsa kuti banja la ndani.

BamboATiya
Pepani kwambiri a Kapiri, zimenezo n'zopweteka ndipo sizoyenera kuzisiya choncho. Mukanalemba kalata kwa amene amaona za chitetezo cha ana, kalabu iliyonse imayenera kukhala naye. Mayi a ku Mulanje, pitani kaye nokha mukaone mmene aphunzitsi akuyankhulira ndi ana musanalipire.

MwanaWaMulanje
Ndamva, ndipita Loweruka. Wina akudziwa kumene ndingapeze ufa woyera wabwino mbali ya Drogheda? Umene ndinagula mwezi watha nsima yake sikugwirana.

Nomad_D15
Za ufa funsani ku gulu la malonda lija, mayi, kuli amene amabweretsa. Tibwerere kwa a McGuinness. A BamboATiya mwatchula zokoma zokhazokha. Nanga Kevin Cassidy? Munthu anamwetsa pointi imene inapulumutsa timu pa Kildare mu 2011, kumapeto kwa nthawi yoonjezera, kuchokera kutali. Anasankhidwa kukhala mmodzi mwa osewera 15 opambana a chaka chimenecho. Patangotha miyezi yochepa anamuchotsa m'timu chifukwa anafotokozera mtolankhani wolemba buku za mkati mwa kampu. Chaka chotsatira anzake akunyamula chikho iye ali kunyumba. Ndiye mu 2012, atangopambana kumene, a McGuinness anakana kuyamba msonkhano wa atolankhani mpaka wolemba bukuyo atatuluka m'chipinda. Tsiku lachisangalalo chotero munthu nkumasungabe chakukhosi? Osewerawa salipidwa. Ungamulamule bwanji choncho munthu amene akudzipereka mwaulere?

Mbewe_wa_ku_Cork
Apa ndili mbali yanu. Nkhani ya Cassidy imandiwawa mpaka lero.

BamboATiya
Inenso sindiikonda, ndipo ku Gaoth Dobhair kwawo kwa Cassidy alipo amene sanaiiwale. Chilango chinakula kuposa mlandu. Koma tisanamizane, chinthu chimene chinachotsa Cassidy ndi chomwecho chimene chinabweretsa chikho. Gulu linagwirizana kuti za mkati zizikhala mkati, ndipo a McGuinness anaonetsa kuti lamulo silisankha nkhope. Timu imene kale aliyense ankayenda yakeyake inayamba kuyenda ngati munthu mmodzi.

Ndipo a Nomad, mukamati anangobweza anthu kumbuyo mukunena za 2011 yokha. Chaka choyamba anamanga mpanda. Chaka chachiwiri anaphunzitsa anyamata kuti akalanda mpira azithamanga onse kupita kutsogolo. Mark McHugh ankasesa kutsogolo kwa otchinga kumbuyo, akaulanda nkuyambitsa ulendo. Frank McGlynn, wotchinga kumbuyo, anamwetsa chigoli mu ndime yotsiriza ya Ulster pamene anathambitsa Down 2-18 kwa 0-13. Karl Lacey, wotchinganso kumbuyo, ndiye anasankhidwa wosewera wopambana wa 2012, ndipo mpira umene Murphy anamwetsa nawo chigoli pa Mayo mphindi zoyambirira unachokera kuphazi lake. Timu yongotchinga sipeza 2-18.

Nomad_D15
Nanga 2013? Monaghan inawalanda Ulster, Mayo nkuwamwetsa 4-17 kwa 1-10. Mpanda uja unali kuti?

Nasibeko_Sligo
Unagwa, inde. Anyamata anali otopa ndi ovulala. Kaseweredwe kameneko kamafuna mapapo, thupi likakana palibe chimatsala. Koma mukatchula 2013 mutchulenso 2014. Dublin ya Jim Gavin inali ndi chikho, aliyense ankati palibe angaigwire. Donegal inaisiya kuti ibwere kutsogolo, nkumaponya mpira kuseri kwake. Ryan McHugh zigoli ziwiri, Colm McFadden chimodzi, 3-14 kwa 0-17. Dublin itaphunzira pamenepo inatenga chikho kasanu ndi kamodzi motsatizana, 2015 mpaka 2020. Inu a Nomad a ku Blanchardstown, ku Dublin komweko, mukanayenera kuwathokoza a McGuinness.

Nomad_D15
Koma ndime yotsiriza anagonja kwa Kerry, 2-9 kwa 0-12.

Mbewe_wa_ku_Cork
Goloboyi Paul Durcan anapereka mpira m'manja mwa Kieran Donaghy poyambitsa masewero, chigoli. Kusiyana kunali mapointi 3, chigoli chomwecho. Mphunzitsi sangalowe m'bwalo kukamenya yekha. Atatero anatula pansi udindo mu October 2014.

Kapiri_Athlone
Ine chimene ndimadabwa ndi chakuti ngati ali katswiri chotero, bwanji ku mpira wamiyendo zinakanika? Celtic ya ku Scotland inawatenga mu November 2012, nthawi ya mphunzitsi Neil Lennon. Mu 2017 anapita ku China kukathandiza Roger Schmidt ku Beijing Guoan, sanakhalitse. Kenako anapatsidwa timu yawoyawo ku America, Charlotte Independence, anapambana masewero amodzi okha mwa 14 nkuchotsedwa mu June 2019. Mphunzitsi weniweni amapambana kulikonse.

MphunzitsiWakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilowepo, poti ndinaphunzitsako mpira wa ana a sukulu ndisanabwere kuno.

A Kapiri, sindikuvomereza kuti mphunzitsi weniweni amapambana kulikonse. Mphamvu ya a McGuinness ili pa zinthu ziwiri: amaona bwalo bwino, komanso amatha kuuza mnyamata wa ku Kilcar kapena Glenswilly kuti akuseweretsa dzina la makolo ake ndi mudzi wake, mnyamatayo nkukhulupirira chifukwa amene akuyankhulayo ndi wa konko. Akamuuza kuti ayende maola atatu kapena anayi kuchokera ku Dublin kudzachita zokonzekera usiku wozizira, kopanda malipiro, amabwera. Ku Charlotte anapeza anthu a makontirakiti, ochokera m'mayiko osiyanasiyana, amene chaka chamawa adzakhala kwina. Chida chachiwiri chija sichikanagwira. Choyambanso chinali chopunguka, chifukwa mpira wamiyendo sanakule nawo.

Timakumbukira tonse a Kinnah Phiri atatengera Flames ku Angola mu 2010 nkukwapula Algeria 3-0. Anyamata ankawamvera chifukwa ankadziwa kuti munthuyu anavalapo malaya omwewo ndipo akumva chimodzimodzi. Ena mphatso yawo imamera m'nthaka ya kwawo. Sindikuona chochititsa manyazi pamenepo. Chimene ndimawalemekezera ndi chakuti anayesa, analemba mayeso a uphunzitsi wa masewero ena ali ndi zaka zoposa 40, pamene akanatha kungokhala pa wailesi yakanema ya Sky nkumayankhula.

Umboni wake ndi mmene anabwerera. Mu 2023 Donegal inali itasokonekera, yatsika mu gulu loyamba la ligi, mphunzitsi Paddy Carr wasiya pakati pa chaka, Murphy wapuma. A McGuinness anabwerera mu August 2023. Mu 2024 anakweza timu, nkupita ku Celtic Park mumzinda wa Derry kukakumana ndi Derry ya Mickey Harte imene inali itangotenga ligi. Anaona kuti goloboyi wa Derry amakonda kutuluka kupita pakati pa bwalo, ndiye goloboyi wa Donegal, Shaun Patton, ankangomenya mipira italiitali kudutsa onse. Zigoli 4, masewero anatha 4-11 kwa 0-17. Anatenga Ulster pa mapenate ku Clones, ndipo mu 2025 anaitenganso, kugonjetsa Armagh kawiri konseko. Pofika 2025, zikho za Ulster zinakwana 5 pa zaka 6 zimene anakhala mphunzitsi wa Donegal.

Namaseko_LK
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino zedi. Murphy ameneyu ndi yemwe ali ndi sitolo ya zamasewero kuno ku Letterkenny? Ndimadutsapo. Mwati anapuma, koma Lamulungu ndinamva akumutchula.

BamboATiya
Yemweyo, mayi. A McGuinness anamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 21. Anapuma mu 2022, nkubwerera kumapeto kwa 2024. Wakwanitsa zaka 35 koma Lamulungu anapeza mapointi 8. Sindikhulupirira kuti akanabwerera chifukwa cha mphunzitsi wina aliyense.

Nomad_D15
Chabwino, zonsezo ndamva. Koma tinene za Lamulungu tsopano. Malamulo anasintha mu 2025, komiti yake inatsogoleredwa ndi Jim Gavin yemwe uja. Timu iliyonse iyenera kusiya anthu atatu kutsogolo nthawi zonse, ndipo ukamenya kuchokera kunja kwa mzere wokhota wa mamita 40 umapeza mapointi 2. Malamulo amenewa anabwera kudzathetsa matenda amene anayamba mu 2011. Nanga a McGuinness anatani? Anaika anthu awo kuti azilondera malo m'malo molondera munthu. Paudie Clifford wa Kerry anangoyendayenda yekha masewero onse, kugawa mipira mmene akufunira, popanda womugwira malaya. Mng'ono wake David Clifford anapeza mapointi 9. Kerry inamenya ya mapointi awiri kasanu, Donegal ngakhale kamodzi. Pofika theka zinali 0-17 kwa 0-10 ndipo aliyense m'bwalo ankaona vuto, koma sanasinthe. Kuuma mutu komwe kunachotsa Cassidy ndi komwe kwatayitsa chikho.

MphunzitsiWakale
Apa mwalasa, amwene, sindikutsutsani. Jack O'Connor, mphunzitsi wa Kerry, anawawerenga bwino. Munthu amene amakhulupirira dongosolo lake kwambiri amachedwa kulisiya likayamba kumira. Ine ndikanatuma munthu mmodzi kuti amamatire Paudie kuyambira mphindi ya 15. Komabe dongosolo lomwelo ndi limene linakwapula Meath 3-26 kwa 0-15 masabata awiri m'mbuyo mwake. Kulitaya pa theka la ndime yotsiriza si chinthu chapafupi, anyamata alizolowera chaka chonse.

Nasibeko_Sligo
Musaiwale kuti Ciarán Thompson anatuluka atavulala m'chigawo choyamba, ndipo ndi mmodzi mwa amene amatha kumenya kuchokera kutali. Ryan McHugh nayenso anatuluka. Awa anali masewero a nambala 11 a Donegal mu mpikisano wa chaka chino.

Nomad_D15
Kerry nayonso inali ndi ovulala chaka chonse. Tisawapezere zifukwa.

Mbewe_wa_ku_Cork
Kuno ku Munster, chigawo cha Cork ndi Kerry, timawadziwa a Kerry. Chikho chimenechi ndi cha nambala 39 kwa iwo, Donegal ili ndi ziwiri. Akadzuka bwino ngati Lamulungu lija, ndi David Clifford ali mmene analirimo, sindikudziwa timu imene ikanawaimitsa. Brendan McCole wa Donegal, amene ankamulondera, anayesetsa, koma munthu akumenya mpira asanatembenuke nkomwe umutani?

Kapiri_Athlone
Umatseka amene akumupatsa mpirawo. Ndi zimene a Nomad akunena.

BamboATiya
Pa Paudie tagwirizana tonse. Pa zoti anaononga mpira, ine ndi a Nomad sitidzagwirizana. Malamulo analipo, iwo anangowagwiritsa ntchito kuti boma laling'ono lithe kuima ndi zimphona. Amene anatopetsa anthu ndi aja anakopera mpanda nkusiya liwiro.

Mayi Namaseko, ligi imayamba kumapeto kwa January. Ine ndi mayi a Tiya timapita masewero a pakhomo, ndipo m'galimoto mumakhala malo awiri. Mukafuna tidzakutengani, mudzaone nokha mmene mpirawu umathamangira, pa TV suoneka bwino. Mudzavale jekete yokhuthala.

Namaseko_LK
Ndidzapita nawo bambo, ndingoona kaye ndandanda ya kuntchito. Malo enawo mundisungire mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi.

Nomad_D15
Dublin ikadzabwera kumeneko mundiuze, ndidzakwera basi. Za 2011 tidzakamalizire pabwalo pomwepo, a BamboATiya.